Petulo wa galimoto ya turbo kuno ku Harare

Wa_Mufakose: Abale ndithandizeni. Ndangogula Golf 7 ya 1.4 TSI, pakachitseko ka thanki palembedwa RON 95 (nambala ya octane ya petulo amene imafuna) koma kuno pa pampu amangoti blend basi, petulo wosakaniza ndi ethanol uja. Sabata yatha ndinathira pa filling station ina yaing'ono poti mtengo unali wotsikirako, ndiye ndikupita ku Domboshava nditaponda faya pamtunda injini inayamba kulira ngati timiyala m'chitini, mtima unandiwawa. Ndizithira kuti, Puma, Zuva kapena TotalEnergies?

Makanika_Gaza: Achimwene kulirako ndi knock, petulo akuphulika yekha nthawi yolakwika. Turbo imapanikiza mpweya wambiri mu silinda, kutentha kumakwera, petulo wa octane yotsika sapirira, poti octane ndi muyezo wa mmene petulo amapiririra kupanikizidwa osaphulika yekha. Ena akuuzani kuti Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500, ndiye petulo wa RON 93 akwanira, zimenezo nzoona pa galimoto yopanda turbo koma yanuyo imadzikokera mpweya yokha. Kompyuta ya galimoto ikamva knock imabweza timing (nthawi yoyatsira petulo) mphamvu nkutsika, mukakakamira mapisitoni amawonongeka ndithu.

Mayi_a_Tadala: Dzina la kampani lisakuvuteni kwambiri, petulo wambiri amabwera pa paipi imodzi kuchokera ku Beira kudzera Feruka ku Mutare mpaka ku Msasa kuno ku Harare. Kusiyana kuli pa ma additive (mankhwala amene amaonjezera m'petulo) ndi ukhondo wa matanki awo. Ine ndimathira pamene pamabwera magalimoto ambiri, petulo sagonera.

Makanika_Gaza: Nzoona mayi. Ethanol wa mu blend amakweza octane koma amakoka madzi, musaimike galimoto miyezi thanki ili theka.

Wa_Mufakose: Zikomo akuluakulu, mawa ndikaiyika pa makina aone knock sensor (kachipangizo komva knock) ndi mapulagi.