Ndithandizeni za penti wa Spitfire MH434

Moni nonse akuluakulu. Ndikumanga kandege kapulasitiki ka 1/48, ndipo ndikufuna kafanane ndi Spitfire MH434, ndege yankhondo ya ku Britain imene imaulukabe ku Duxford, ku England. Guluu wauma, koma pa penti mpomwe mutu waima.

Ndegeyi inapangidwa mu 1943 ku Castle Bromwich, n'kupita ku gulu la ndege zankhondo la 222 Squadron ku Hornchurch. Ankaiulutsa Henry Lardner-Burke wa ku South Africa, m'mbali mwa ndegeyo muli zilembo ZD-B. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha inatumikira asilikali a dziko la Netherlands ku Indonesia, kenako Belgium. Inabwerera ku Britain mu 1963 ndi nambala G-ASJV, ndipo woulutsa ndege wina, Ray Hanna, anaigula mu 1983. Kulikonse kumeneku inkavala zina.

Mtima wanga uli pa mitundu ya penti ya mu 1943: Dark Green ndi Ocean Grey pamwamba, Medium Sea Grey kumimba, lamba wa Sky pafupi ndi mchira, kamzere kachikasu kutsogolo kwa mapiko. Koma zithunzi zamakono sindizikhulupirira kwenikweni, penti wake amanyezimira mwaukhondo kuposa ndege yogona panja nthawi ya nkhondo.

Kodi dzina la Mylcraine, limene Lardner-Burke anaipatsa ndegeyi, linalembedwa mbali imodzi kapena zonse ziwiri? Nanga malire a mitundu pamapiko anali akuthwa kapena osakanikirana pang'ono? Ndimapaka ndi bulashi, makina opopera ndilibe, choncho yankho limeneli lindiuza ngati ndigule tepi.

Amene muli ndi chithunzi chake ili ku Indonesia, chonde ndiponyereniko.