Madzi saiwala khwawa: mwambiwu umanena za munthu yekha kapena za madzi enieni?

Wofunsa:
Abale anga, ndithandizeni pa mwambi uwu: "Madzi saiwala khwawa." Ambiri timaunena pa munthu, monga wakuba amene akuti walapa koma n'kudzabanso, kapena mwana amene wakhalitsa ku Joni n'kudzakumbukira kwawo. Chikundivuta n'chakuti, kodi makolo aja sankachenjezanso za madzi enieniwa? Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Madziwo sanasochere ayi, anatsata njira zotsetsereka zomwe anthu anali atamangamo. Ndiye khwawa m'mwambimu ndi chifanizo chabe, kapena ndi khwawa lenileni?

Gogo wa ku Zomba:
Mwana wanga, wafunsa bwino. Ife a m'mbali mwa Chilwa mwambiwu timauona ndi maso. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulukira. Imangolandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo madziwo amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995 ndi mu 2018, mpaka anthu kumayenda wapansi pomwe pankadutsa mabwato. Mvula itabwerera, madzi anadzaza pamalo pake pomwe paja.

Koma chofunika kumvetsa ndi ichi: madzi akabwerera sabwerera okha. Matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ija ndi m'zithaphwi za m'dambo, kenako zimatsika n'kudzaswananso m'nyanja. Njeza zimene zazungulira nyanjayi ndi mmene tinsomba timabisala, ndi mmenenso mbalame za m'madzi zimaikira mazira, ndipo asodzi amamanga zimbowera zawo, tinyumba toyandama pamadzi, momwemo. Wina akathira mankhwala m'maiwe muja nthawi ya chilala kuti agwire nsomba zonse, madzi adzabwera ndithu, koma adzapeza mbewu ya nsomba itatha. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa wochitayo amadziwa.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Zikomo agogo. Zimene mwafotokozazi n'zomwe timaphunzitsa ana pa phunziro la zachilengedwe, kungoti inu mwazinena momveka kuposa buku. Zamoyo zonse zokhala pamalo amodzi, nsomba, njeza, mbalame, achule ndi anthu omwe, timaziwerenga monga gulu limodzi lodalirana. Tikaphatikizapo zopanda moyo, madzi, dothi, mchere ndi kutentha kwa dzuwa, ndiye kuti tatenga malo onsewo ndi mmene amagwirira ntchito. Chilwa analembedwa pa mgwirizano wa maiko woteteza madambo wa Ramsar mu 1996 chifukwa cha dambo lake ndi mbalame zake, osati chifukwa cha madzi okha.

Ndiye khwawa silimayambira pamene likuoneka. Limayambira kumtunda, m'nkhalango. Dera lalikulu la dziko lathu ndi la nkhalango ya miombo, imene yafalikira kuchokera ku Angola kudzera ku Zambia mpaka ku Tanzania ndi Mozambique. Ndi nkhalango ya mombo ndi masuku, imene inazolowera mvula ya miyezi yochepa ndi chilimwe chachitali. Bowa wa ndelema amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo imeneyi, n'chifukwa chake sitimupeza m'munda wa bulugamu. Masamba ogwa ndi mizu zimachedwetsa madzi kuti alowe pansi, n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka mu Okutobala. Mitengo ikathera makala, mvula yomweyo imatsika tsiku limodzi, itanyamula dothi.

Mayi wa ku Lilongwe:
Aphunzitsi, zonsezo n'zoona, koma tisaukakamize mwambi kunena zimene sunanene. Mwambi ndi wa pabwalo. Ankhoswe akamati madzi saiwala khwawa amanena za mkamwini amene wayambiranso mowa, sakamba za makala. Makolo anatenga chinthu chimene aliyense ankachidziwa n'kuyezera nacho mtima wa munthu.

Wofunsa:
Amayi, pamenepo mpamene ine ndaima. Ngati anatenga chinthu chimene aliyense ankachidziwa, ndiye kuti kale panalibe wofunika kumuuza kuti m'khwawa samangamo. Mwambi unkagwira munthu chifukwa mbali ya madziyo inali yosatsutsika. Lero tasunga mbali ya munthu, ya madziyo taitaya. Sindikunyoza amene anamanga m'mapiri a Blantyre, ambiri anasowa malo ena ndipo lendi ya m'tauni inawakanika. Koma wogulitsa puloti pamalo otero, kodi iye sadziwa? Agogo, kwanuko khwawa louma mumalizindikira bwanji, poti nthawi ya chilimwe paliponse pamaoneka pabwino?

Gogo wa ku Zomba:
Yang'ana miyala, mwana wanga. Ukaona yosalala, yobulungira, itandandalika motsetsereka, dziwa kuti anaigubuduza ndi madzi. Yang'ananso zomera: pamene pali bango, mkuyu kapena katope, pansi pali chinyontho ngakhale mu Seputembala. Dothi lakuda long'aluka nthawi ya dzuwa ndi la dambo, ndi labwino kulima mpunga kapena dimba, koma maziko a nyumba salimba pamenepo. Ndipo usanapereke ndalama, kafunse nkhalamba ya m'mudzimo kuti madzi a chaka cha mvula yambiri analekeza pati, ikakulozere ndi dzanja.