Ndithandizeni: madengu a mlaza ndiwagulitse pati pa intaneti?

Moni nonse abale anga. Ine ndimaluka madengu ndi timphasa ta patebulo ta mlaza kuno ku Salima, komanso ndimasoka zikwama za chitenje. Makasitomala anga ambiri ndi alendo obwera kunyanja ku Senga Bay, koma dzinja likafika malonda amazizira kwambiri. Pa Facebook ndi WhatsApp ndimagulitsako, anthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, koma ndi akonkuno okhaokha.

Mchemwali wanga ali ku Leeds anandiuza za Folksy, msika wa pa intaneti wa zinthu zopangidwa pamanja, koma kumeneko amalola okhala ku Britain okha. Nanga Afrikrea, msika wa pa intaneti wa zinthu za ku Africa, alipo anagulitsako ali kuno kumudzi? Amadula zingati pa chinthu chilichonse, ndipo ndalama zimakufikani bwanji?

Chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi katumizidwe. Dengu ndi lopepuka koma limatenga malo, ndiye mtengo wotumizira umatha kuposa wa dengulo. Inu mumalongedza bwanji kuti lisaphwanyike panjira? Mumadikira maoda achuluke kaye, kapena mumatumiza limodzilimodzi? Dengu lalikulu limanditengera masiku anayi, sindikufuna kuligulitsa motaya. Amene munadutsamo, chonde ndiunikireni.