Ndikufuna kuyesa triathlon koyamba, ndilowere pati?

Wofunsa: Moni nonse a pagulu lino. Ndikufuna kuchita nawo triathlon, mpikisano uja wosambira, kupalasa njinga kenako kuthamanga, zonse motsatizana. Kuthamanga sikundivuta, makilomita 5 ndimamaliza bwinobwino. Njinga ndili nayo koma ndi ya m'mapiri, yolemera, ya matayala onenepa. Vuto lili m'madzi. Ndimasambira kachule, mutu uli pamwamba, ndipo ndikafika kumapeto kwa dziwe ndimayamba ndagwira khoma kuti ndikokeko mpweya. Kodi mipikisano yapafupi munthu amaidziwira kuti? Ndikasaka pa intaneti zikungobwera za Ironman, kusambira makilomita 3.8, kupalasa 180, kuthamanga 42. Ine izozo ayi, ndikufuna kubwerera kunyumba wamoyo. Nanga njinga yangayi angandilole? Ndipo kukonzekera kumatenga miyezi ingati?

Wothamanga m'mawa: Achimwene, za Ironman zisiyeni kaye. Imeneyo inayamba ku Hawaii mu 1978 ndipo ndi yomwe imatchuka, koma triathlon ili ndi misinkhu yambiri. Imene imachitika pa Olympics, kuyambira ku Sydney mu 2000, ndi makilomita 1.5 m'madzi, 40 panjinga, 10 pansi. Theka lake amati sprint: mamita 750, makilomita 20, makilomita 5. Palinso super sprint, pafupifupi mamita 400, makilomita 10 ndi 2.5. Inu sakani mawu oti "sprint" kapena "super sprint" limodzi ndi dzina la dera lanu. Mukangolemba "triathlon" basi, zazikuluzikulu ndi zomwe zimabwera pamwamba chifukwa ndi zomwe zimalengezedwa kwambiri.

Mayi wa kudziwe: Kuwonjezera pamenepo, lowani pa tsamba la World Triathlon, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, muone mndandanda wa mabungwe a mayiko. Ngati dziko lanu lili ndi bungwe, kawirikawiri ndi lomwe limasunga kalendala ya mipikisano. Koma tizinena zoona, timipikisano tating'ono nthawi zambiri sitifika pa kalendala. Timamveka pakamwa, pa WhatsApp ndi pa Facebook. Funsani amene amayang'anira dziwe lomwe mumasambirako, funsani magulu othamanga ndi opalasa njinga, funsaninso okonza njinga zamipikisano. Pagulu lililonse la othamanga sipalephera kupezeka mmodzi amene anayesapo. Mukaupeza mpikisano, musanalembetse funsani chinthu chimodzi: kusambira kudzachitikira m'dziwe lomanga kapena m'nyanja? Kwa inu yankho limenelo ndi lofunika kuposa china chilichonse.

Mpalasanjinga: Ine ndinena mosapsatira. Njinga ya m'mapiri idzakuchedwetsani kwambiri. Gawo la njinga ndi lomwe limatenga nthawi yaitali pa mpikisano wonse. Gulani ya pamsewu ngati mukufunadi zimenezi.

Mayi wa kudziwe: Ayi bambo, musamuwopseze munthu. Sanafikebe n'komwe pamzere woyambira, mukumutumiza kale kukagula njinga? Mipikisano yambiri ya oyamba kumene imalola njinga iliyonse bola mabuleki onse awiri akugwira ndipo muli ndi chisoti. Kuchedwa mphindi zingapo pa makilomita 20 sikunalepheretsepo munthu kumaliza. Amene amatulutsidwa pa mpikisano asanathe ambiri amatulukira m'madzi.

Mpalasanjinga: Chabwino mayi, ndavomera theka. Koma matayala okha asinthe, aike osalala, awapope mokwanira, tcheni achithire mafuta. Ndipo aphunzire kusintha chubu yekha, chifukwa tayala likaphwa panjira palibe m'bale amene amaloledwa kudzamuthandiza.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Amayi, pa za madzi ndikufuna mundifotokozere bwino. Kachule amalola? Nanga ndikatopa pakati, popanda khoma logwira, ndimatani?

Mayi wa kudziwe: Amalola kasambiridwe kalikonse. Kachule mudzamaliza nako, kungoti kamatopetsa miyendo yomwe mukuifuna panjinga ndi pothamanga, komanso pagulu mumamenya anzanu ndi mapazi. Ndiye phunzirani freestyle, kusambira chafufumimba mukupalasa madzi ndi manja mosinthanasinthana, kachule kakhale kopumirako. Ndipo chomwe chikukutopetsani si kuchepa mphamvu, poti munthu wothamanga makilomita 5 mapapo ake ali bwino. Ndi kapumidwe. Oyamba kumene amasunga mpweya nkhope ili m'madzi, kenako akatukula mutu amafuna kutulutsa ndi kukoka nthawi imodzi. Sizikwanira, mtima umayamba kuthamanga. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono nkhope ili m'madzi, mukatembenuza mutu mungokoka basi. Komanso mutu ukakwera, chiuno ndi miyendo zimamira, ndiye mumakhala mukukoka thupi lonse mopendekeka. Pezani mphunzitsi akuoneni ngakhale maulendo ochepa chabe. Ndalama imene mukanagulira njinga, kachigawo kake kapite kumeneko.

Za m'nyanja ndi nkhani ina. Mulibe mzere wakuda pansi wokulondolerani, nthawi zina simuona ngakhale dzanja lanu. Muyenera kumatukula maso pafupipafupi kuyang'ana chizindikiro choyandama chomwe mukulowera, apo ayi mamita 750 amasanduka 900. Poyambira pamakhala piringupiringu, zigongono, mapazi, madzi m'kamwa. Inu imani kumbuyo chakumbali, alekeni apite, mulowe mwakachetechete. Mantha akakugwirani, gonani chagada, yandamani, pumani. Mukafuna thandizo kwezani dzanja, a m'mabwato abwera. M'mipikisano yambiri mutha kugwira bwato n'kupumula bola lisakupititseni patsogolo. Koma chonde tsiku la mpikisano lisakhale tsiku lanu loyamba kusambira m'nyanja, ndipo pokayeserera musapite nokha. Ngati mwapeza wa m'dziwe lomanga, yambirani umenewo.

Wofunsa: Nanga chovala chakuda chothina chija ndichofunika?

Woimbira: Wetsuit imatengera kuzizira kwa madzi, ndipo amayeza m'mawa wa tsikulo. M'malamulo a World Triathlon, kwa anthu wamba osakwana zaka 60 osambira mpaka mamita 1500, madzi akafika madigiri 22 siiloledwa, akatsika kufika pa 15.9 ndi yokakamiza. Pakati pamenepo mumasankha nokha. Imathandiza kuyandama, koma ngati simunaizolowere imakufinyani pachifuwa. Bwerekani kaye musanaganize zogula.

Poti ndimathandizira kuyang'anira mipikisano, ndikuuzeni zomwe timalangira oyamba kumene kawirikawiri. Chisoti chimangidwe musanachotse njinga pomwe yakolekedwa, ndipo musachimasule mpaka mutaibwezeretsa. M'malo osinthira zovala, omwe timati transition, njinga simukwera, mumaikankha mpaka mutadutsa mzere wokwerera, pobwera mumatsika musanafike pamzere. Zomvera nyimbo m'makutu siziloledwa. Chifuwa chikhale chovala panjinga ndi pothamanga. Ndipo m'mipikisano yambiri ya anthu wamba simuloledwa kubisala kumbuyo kwa njinga ya mnzanu kuti akutchingireni mphepo, mumasiya mpata wa mamita 10 kapena 12 malinga ndi malamulo a mpikisanowo. Werengani chikalata chomwe okonza amatumiza ndipo musajombe pa msonkhano wofotokozera njira. Ngati pali mpikisano wina usanafike wanu, pitani mukathandize kugawa madzi kapena kulondolera anthu. Mudzaona zonsezi ndi maso, komanso okonza omwewo ndi amene amadziwa za mipikisano ina ikubwera.

Wothamanga m'mawa: Za miyezi palibe amene wayankha. Kwa munthu wothamanga kale, sprint ambiri amakonzekera masabata 8 mpaka 12, koma inu werengerani kuyambira tsiku lomwe mudzathe kusambira mtunda wonsewo osagwira khoma. Pa sabata, kusambira katatu, njinga kawiri, kuthamanga kawiri, tsiku limodzi lopumuliratu. Masiku ena muziphatikiza ziwiri. Chimene musaiwale ndi brick: mukatsika panjinga, valani nsapato nthawi yomweyo muthamange mphindi 10 kapena 15. Miyendo imakhala ngati mwabwereka kwa munthu wina, imatenga kanthawi kuti ibwerere. Ndi bwino muzimve zimenezo kangapo musanafike tsikulo. Sabata lomaliza chepetsani zonse. Ndipo tsikulo musavale nsapato zatsopano kapena kudya zomwe mimba yanu sinazolowere.

Mpalasanjinga: Ndipo ngati madzi akanikadi, pali duathlon, kuthamanga, njinga, kuthamanganso. Kapena mulowe atatu ngati timu, wina asambire, inu mutenge gawo lothamanga.

Wofunsa: Timu ayi, ndikufuna zonse zitatu ndekha. Ndiyamba ndi mphunzitsi wa kusambira, matayala ndisintha, ndisaka super sprint ya m'dziwe. Funso lomaliza, mwina loseketsa: ndikatuluka m'madzi ndimasintha kabudula pamaso pa anthu onsewo?

Woimbira: Ayi ndithu, kuvula mu transition n'koletsedwa, pokhapokha ngati aika tenti yosinthira. Chomwe mwasambira nacho ndi chomwe mupalasire ndi kuthamangira. Valani kabudula wothina wouma msanga, osati wa njinga wa thonje lokhuthala chifukwa amamwa madzi ndipo adzakunyulani. Malaya muvale pamwamba mukafika pa njinga, nambala itamatidwa kale. Yalani kathaulo kakang'ono pambali pa njinga, nsapato zomasula zingwe, chisoti chili chagada pa chiwongolero. Ndipo musanayambe, yendani kuchokera kumadzi mpaka pa njinga yanu muwerenge mizere, chifukwa mukamatuluka mutu uli zii njinga zonse zimaoneka zofanana.