Funso: ndiyambire pati kuunika driver ya DMA controller?

Wofunsa, Chilenje

Muli bwanji abale a pa gulu lino. Ndapatsidwa patch ya mizere pafupifupi 900 kuti ndiiunike isanalowe mu kernel yathu ya Linux. Ndi driver ya DMA controller (hardware yosamutsa data pakati pa memory ndi zipangizo popanda kutangwanitsa CPU) ya ma channel 8, pa board ya Cortex-A53. checkpatch.pl, younika kalembedwe ka code, sikudandaula kanthu, dmatest, module ya kernel yoyesera DMA, nayonso ikudutsa bwinobwino. Koma tikailumikiza ku audio mawu amadukaduka, ndipo nthawi zina board imangouma tikaimitsa nyimbo kapena tikachotsa driver ndi rmmod. Ndiyang'ane chiyani choyamba? Sindifuna kuika Reviewed-by, kuvomereza kuti ndaunika, pa chinthu choti mawa chidzatigwetse.

Yankho, Kabwata

Achimwene, kudutsa kwa dmatest kusakugonetseni tulo. Iyo imayesa kukopera kuchoka mu memory kupita mu memory, pamene audio imadutsa njira ina, ya device_prep_dma_cyclic, imene dmatest siikhudza n'komwe. Komanso test_buf_size mukaisiya momwe ilili ndi ma byte 16384 chabe. Tsegulani datasheet muone kukula kwa malo olembapo utali mu descriptor (malangizo ouza controller zoti isamutse). Ngati ndi ma bit 16, malire ake ndi 65535, ndiye wina akapempha 65536 mu register mumalowa 0. Apo controller ikhoza kungokhala duu osatumiza kanthu. Kwezani test_buf_size ifike 131072 muyesenso. Mu code funani pomwe akudula segment yaitali kukhala zidutswa, ndi pomwe aitana dma_set_max_seg_size. Mu prep_slave_sg payenera kukhala sg_dma_len ndi sg_dma_address, osati sg->length, chifukwa IOMMU, hardware yomasulira ma address a zipangizo, ikhoza kuphatikiza ma segment.

Yankho, Matero

Kuuma kumeneku kukununkha terminate. Musayambe kuwerenga pa probe, pomwe driver imayambira, ngati mmene ambiri amachitira, yambani ndi njira yoimitsira, mubwerere m'mbuyo. ALSA, gawo la kernel loyendetsa mawu, ikamaimitsa imaitana dmaengine_terminate_async ili mu atomic context, pomwe code siloledwa kugona. Choncho mu device_terminate_all simuloledwa msleep, mutex, kapena china chilichonse chogona. Kudikira kuti channel iimiretu ndi ntchito ya device_synchronize. Onani ngati wolemba anaiika, chifukwa ikasowa kernel sikuuzani kanthu, imangopitirira. Buffer imamasulidwa, hardware ikadali kulembamo, kenako board imafera kwina kutali ndi pomwe pali vuto. Tatiikireni pano remove ndi interrupt handler.

Wofunsa, Chilenje

Zikomo akulu. device_synchronize mulibe. IRQ anaitenga ndi devm_request_irq, ndipo mu remove muli tasklet_kill ndi dma_async_device_unregister basi. Callback ya client akuiitana atagwira spinlock ya channel. virt-dma, code ya mu kernel yothandiza ma driver a DMA kusamalira ma descriptor, sanagwiritse ntchito, mndandanda wa ma descriptor analemba yekha.

Yankho, Matero

Ndi zimenezo, mavuto awiri ali poyera. devm imamasula IRQ remove itatha kale. Pakati pa tasklet_kill ndi nthawi imeneyo interrupt ikhoza kulowa n'kudzutsanso tasklet (ntchito imene interrupt imaisiyira kuti ichitike pambuyo) imene mwangoipha, ndipo idzathamanga pa memory yomasulidwa. Ndondomeko yake ikhale iyi: tsekani ma interrupt pa controller, itanani devm_free_irq, kenako tasklet_kill, clock izime pomaliza. Mukazimitsa clock msanga, handler ikangowerenga register bus imatha kuima pa ma SoC ena, pa console osatuluka ngakhale mzere umodzi.

Za lock n'zoopsa kuposa pamenepo. Client wambiri akalandira callback amakonza descriptor yatsopano pomwepo, ndipo submit imafuna lock yomwe ija. CPU imadzidikira yokha mpaka kalekale. Lock imasulidwe kaye callback isanaitanidwe.

Ine ndingaibweze patch yonseyo kuti ilembedwenso pa virt-dma. vchan_tx_prep, vchan_issue_pending, vchan_cookie_complete ndi vchan_synchronize zinathetsa kale zambiri mwa izi, ndipo mizere idzachepa. Muonenso kuti tx_submit sikuyambitsa hardware, imeneyo ndi ntchito ya issue_pending, ndiponso kuti mu ma prep onse muli GFP_NOWAIT osati GFP_KERNEL, popeza amatha kuitanidwa kuchokera mu callback.

Yankho, Kalingalinga

Pa mawu odukaduka, pitani ku device_tx_status. Audio ya 48 kHz, stereo, ma bit 16 imadya ma byte 192000 pa sekondi, ndiye period ya ma byte 4096 imatha m'ma millisecond 21. ALSA imadziwa pomwe DMA yafika kudzera mu residue, ma byte otsala kuti atumizidwe. Driver ikalonjeza DMA_RESIDUE_GRANULARITY_BURST koma n'kumabweza nambala imene imasintha pa interrupt pokha, pointer imadumpha, pulogalamu yoseweretsa mawu ya aplay n'kumalira underrun, kuti data yaithera. Lonjezani zimene hardware ingathedi. Mu cyclic, callback ibwere pa period iliyonse, cookie isamalizidwe, ndipo descriptor yomaliza iloze kwa yoyamba. Ndaonapo ma patch ambiri akuwerenga register ya malo popanda lock, interrupt n'kusintha descriptor pakati, residue n'kutuluka yoposa buffer yonse.

Yankho, Chelstone

Chimene sichinatchulidwe ndi dongosolo la kulemba mu memory. Ma descriptor a hardware achokere mu dma_pool kapena dma_alloc_coherent, ma field ake akhale __le32 odzazidwa ndi cpu_to_le32. Address ndi utali zilembedwe kaye, kenako dma_wmb, ndiyeno bit youza controller kuti descriptor ndi yake. ARM64 imatha kusintha ndondomeko ya zolemba, controller n'kutola descriptor yosakwanira. Muonenso dma_set_mask_and_coherent. Controller ya ma bit 32 pa board imene RAM yake idutsa malire a 4 GB idzalemba malo olakwika ngati mask ikunama kuti ndi 64 pamene code ikutenga lower_32_bits yokha.

Yankho, Kabwata

Akulu a ku Chelstone, ndiwonjezepo pang'ono kuti asamwaze ma barrier paliponse. Ngati channel yaima ndipo mukuiyambitsa ndi writel, writel yokha ili ndi barrier yokwanira. dma_wmb imafunika pamene mukulumikiza descriptor ku unyolo umene hardware ikuwerenga kale. Choyenera kusaka ndi writel_relaxed pa register yoyambitsira.

Yankho, Chelstone

Zoona achimwene, mwakonza bwino. Wofunsa, mangani kernel yoyesera yokhala ndi CONFIG_PROVE_LOCKING, CONFIG_DEBUG_ATOMIC_SLEEP, CONFIG_DMA_API_DEBUG ndi KASAN, ndipo driver muipange ndi make C=1 W=1 kuti sparse, pulogalamu younika code ya kernel, igwire za endian. Lumikizani serial console pa 115200 musunge log pa laputopu, chifukwa board ikauma dmesg simudzaionanso. Kenako lembani loop yoyambitsa aplay n'kuipha pakatha theka la sekondi, maulendo 500, ina ya modprobe ndi rmmod. Mzere woyamba umene lockdep (yogwira mavuto a lock) kapena KASAN (yogwira mavuto a memory) idzatulutse, umenewo muuike mu ndemanga zanu kwa wolemba patch.

Wofunsa, Chilenje

Ndamva akuluakulu. Ndikuibweza lero ndi mfundo za virt-dma, synchronize ndi remove. Log ya lockdep ndiika pano ikangotuluka.