Miyala ya ku mgodi pa msewu ndi bwalo la ana: zokambirana za gulu la chitukuko cha kwathu ku Chibavi

Wapampando:
Abale ndi alongo, ndalama zomwe tasonkha zokonzera kamsewu kolowera ku sukulu yathu ya mkombaphala pamodzi ndi bwalo lake sizikukwana kugulira kwale. Mmodzi mwa ife, amene lole yake imanyamula malasha kuchokera ku Rumphi, wapeza mwayi woti tizitenga ulere miyala yomwe imatayidwa ku mgodi wina kumeneko, ife n'kumangolipira mafuta. Komiti isanavomere, tikufuna maganizo anu.

Mwini lole:
Zikomo a Wapampando. Miyalayi ndi yakuda motuwira, yangounjikidwa milu, ndipo ikathiridwa n'kupondedwa imagwirana bwino. Tonse tikudziwa mmene Chibavi amakhalira mvula ikakhazikika: akabaza amakana kulowa, amayi amabereka ana osinkhuka kale kuti awaolotse pamatope, ndipo mvula ya kuno ku Mzuzu sifulumira kuchoka. Tikadikira ndalama za kwale, dzinja lina litipeza tikukambiranabe.

Namwino wopuma pantchito:
Achimwene, mtima wanu wothandiza tauona, koma ine nkhawa yanga ili pa chilimwe. Zimene zimagwirana m'dzinja zimaperedwa ndi matayala, pofika mu October zasanduka fumbi, ndipo pa bwalolo amene amakhala pansi ndi ana a zaka zitatu, amene amadya zigumu ndi manja omwe afukulira dothi. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90, koma mpaka lero mphepo imaulutsa fumbi la milu ya zotsala kupita m'makomboni monga Kasanda ndi Makululu, ndipo ana ambiri kumeneko amapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wosavulaza, komanso kuti thupi la mwana limayamwa mtovu womwe wameza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, makamaka mwana amene akuperewera ayironi ndi kashiamu. Chovuta kwambiri n'chakuti nthawi zambiri mwanayo satentha thupi kapena kutuluka zilonda kuti mayi ake athamangire naye kuchipatala. Amangochedwa kugwira zinthu m'kalasi, ife n'kumamunena kuti ndi mbuli, pamene ubongo wake unawonongeka kale moti sungabwererenso.

Mwini lole:
Mayi, mwalankhula bwino, koma wa ku Kabwe unali mgodi wa mtovu, pamene uwu ndi wa malasha. Tisaopseze anthu ndi matenda a kwa eni.

Mphunzitsi wa sayansi:
Pamenepo achimwene akunena zoona, ndipo sikungakhale chilungamo kunena kuti mgodiwo uli ndi mtovu ngati wa ku Kabwe. Komabe zotsala za malasha zili ndi mavuto akeake. Kawirikawiri m'miyala yotere mumakhala timiyala tonyezimira ngati golide totchedwa pyrite, tomwe tikakumana ndi mpweya ndi madzi timatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula zitsulo zomwe zinali zomangika m'mwalamo, monga arsenic yemwe ndi poizoni, n'kuzipititsa m'madzi. Ndi chifukwa chake madzi otuluka pansi pa milu yotere nthawi zina amasiya utoto wa dzimbiri m'ngalande. Tsono taganizirani malo athu: Chibavi ndi dambo, madzi ali pafupi, ndipo mabanja ambiri amatungabe pa zitsime zosazama mipope ikauma. Miyala yomwe yakhala phee pa phiri ku Rumphi ife tikufuna kuiphwanya n'kuiyala pamalo pomwe izinyowa theka la chaka n'kumauluka theka linalo. Maso sangatiuze zomwe zilimo. Zimenezo amadziwa ndi a labotale.

Gogo wa gulu:
Ana anga, akulu anga anapita ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo anabwera ndi sutikesi, wailesi ndi chifuwa chomwe sichinawasiye mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Lomwe linawadya mapapo ndi fumbi la mwala wamba, losaoneka n'komwe likamalowa. Choncho ngakhale labotale itanena kuti mulibe chitsulo choopsa, ine sindingakondwe kuona zidzukulu zanga zikugubuduka m'fumbi lakuda tsiku ndi tsiku.

Msungichuma:
Ine ndilankhula za thumba basi. Kuyezetsa si kwaulere, ndipo mtunda wochokera kumeneko kufika kuno si waufupi, moti mafuta a maulendo onse tikawaphatikiza ndi ndalama zoyezetsera, kusiyana kwake ndi kugula kwale konkuno kukhoza kuchepa kwambiri. Chinanso, tikathira kenako n'kupezeka kuti miyalayo ndi yoipa, kuifukula ndi kupeza koitaya kudzakhala pamutu pathu, ndipo mwini mgodi sadzatithandiza popeza tinakatenga tokha.

Namwino wopuma pantchito:
Ndiwonjezere chimodzi pa nkhani yoyezetsayo. Thumba limodzi lotapidwa pamwamba pa mulu silingaimire mulu wonse, chifukwa zotsalazo zinatayidwa nthawi zosiyana kuchokera m'maenje osiyana. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, ana oposa 400 anamwalira mu 2010 chifukwa makolo awo ankapera miyala ya golide m'makomo mwawo osadziwa kuti inali ndi mtovu. Nawonso ankaona ngati ndi miyala chabe.

Mwini lole:
Za bwalo la ana ndagonja, musathirepo. Koma za msewu sindinakhutire. Bwanji tiike miyalayi pansi ngati maziko, pamwamba n'kuphimba ndi dothi lofiira lochindikala?

Mphunzitsi wa sayansi:
Kuphimbako kungachepetse fumbi ngati dothilo silikokoloka, koma sikuletsa madzi a m'dambo kunyowetsa miyalayo kuchokera pansi, ndipo nkhawa ya zitsime ikhalapobe.

Wapampando:
Tamvana kuti pa bwalo tithira dothi lofiira la konkuno n'kubzala kapinga, ndipo ntchitoyo iyambe ndi ndalama zomwe zilipo. Za msewu, a Mlembi alembere a khonsolo ya mzinda ndi a bungwe loteteza chilengedwe la MEPA kufunsa ngati zotsala za ku mgodi zimaloledwa kuthiridwa m'malo okhala anthu, afunsenso ku bungwe loona za miyezo ya zinthu la Malawi Bureau of Standards mtengo woyezetsera miyalayo. A Msungichuma abwere ndi mitengo ya kwale ndi ya mafuta pa msonkhano wa Loweruka, ndipo mpaka tsikulo lole isanyamule kanthu.