Khomo lija la pa Mars analisema ndani?

Wa ku Chitakale:
Abale, mwana wanga wa Folomu 3 wandionetsa pafoni chithunzi chomwe Curiosity, galimoto ya NASA (bungwe la ku America lofufuza za mumlengalenga) yoyenda pa pulaneti ya Mars, inajambula mu 2022. Pathanthwe pali khomo, ngodya zake zowongoka bwinobwino, m'kati muli mdima bii. Mphepo ingaseme zotere? Ine ndikuti kumeneko kunali anthu basi.

Mphunzitsi wa ku Luchenza:
Bambo, kamera yakupusitsani. A NASA anati khomolo kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 30 okha. Ndi mng'alu wa thanthwe m'mbali mwa phiri la pa Mars lotchedwa Mount Sharp. Ming'alu ikadutsana, chidutswa chapakati chimagumuka n'kusiya bowo la ngodya.

Wonyamula katundu wa alendo ku Likhubula:
Zoona aphunzitsi. Kwerani ku Chambe pa phiri la Mulanje mukaone, miyala yosweka mowongoka ili mbwee, palibe anaikhudzapo ndi nyundo.

Wa ku Chitakale:
Masentimita 30? Ndiye ndi khomo la nkhukutu limenelo. Komabe bwanji galimotoyo sanailowetse m'katimo kuti tione?

Mayi a pa Thyolo boma:
Achimwene, chigalimoto cholemera makilogalamu pafupifupi 900 chilowa bwanji pamenepo?